Masipuni angati, m'madzi ochuluka bwanji? Mafunso ndi mayankho pa mphamvu ya mankhwala osungunula

Kwa Chigaru kukacha, anthu ambiri amayamba tsiku ndi ntchito ya chemistry osadziwa kuti dzina lake ndi limenelo. Mayi wafika kuchokera ku mjigo ndi chigubu cha malita 20, akuthiramo klorini amene analandira kwa alangizi a zaumoyo. Bambo ali kudimba, akusakaniza mankhwala a tomato mu sipuleya. Agogo akung'amba paketi ya Thanzi chifukwa mdzukulu wachezera kutsegula m'mimba. Mwana wa Folomu 4 akuyenda m'mbali mwa msewu wa M1 cha ku Lirangwe, mutu uli pa masamu a ma mole amene amuzunguza teremu yonse. Onsewa funso lawo n'limodzi: ndithire zochuluka bwanji, m'madzi ochuluka bwanji? Mayankho ali m'munsiwa ndawaika ndi manambala ake, chifukwa pa nkhani iyi kuthira ndi maso kumapweteketsa.

Kodi tikati mphamvu ya mankhwala m'madzi tikutanthauza chiyani?

Tiyambire pa Sobo. Mukasungunulira alendo awiri kunyumba, amatuluka wotsekemera mpaka kukakamira kukhosi. Pa ukwati pamene anthu achuluka, Sobo yemweyo amatuluka wotuwa, wongomveka fungo. Botolo ndi lomwelo, chasintha ndi madzi amene lakumana nawo. Chichewa chili nawo kale mawu a zimenezi: ndiwo timati zakolera mchere, zawawa mchere, kapena mchere sukumveka, tiyi timati wachita madzimadzi. Kusukulu aphunzitsi amati concentration, kutanthauza kuchuluka kwa chinthu chimene chasungunuka mu mulingo wodziwika wa madzi osakanizawo.

Choncho mphamvu imeneyi nthawi zonse imayenda ndi manambala awiri. Munthu akakuuzani kuti thirani masipuni awiri n'kulekera pomwepo, wakupatsani theka la uthenga. Masipuni awiri m'kapu, m'ndowa, kapena m'diramu? Ndipo sipuni yake iti, ya tiyi kapena yodyera phala, yosefukira kapena yosalaza? Sipuni ya tiyi ya mulingo imalowa mamililita 5, yaikulu imalowa 15. Kusiyana kwake ndi katatu konse.

Bwanji osangolawa, kapena kuyang'ana mtundu wake?

Pa ndiwo lilime limakwanira, chifukwa mukalakwitsa choipa chake ndi kudya monyinyirika basi. Pa mankhwala lilime ndi maso zimanama. Madzi a klorini wokwanira kupha tizilombo ta kolera ndi madzi a klorini wochepa amaoneka chimodzimodzi m'ndowa. Mankhwala a mbozi simungawalawe n'komwe. Ndipo malilime athu ndi osiyana: amene anazolowera mchere wambiri adzati Thanzi wachepa mphamvu pamene ali bwinobwino.

Pa mabotolo pamalembedwa peresenti. Imeneyi imatiuza chiyani?

Peresenti ndi gawo la pa 100. Pa mankhwala ambiri osungunula m'madzi, 1% amatanthauza galamu imodzi mu mamililita 100, zomwe ndi magalamu 10 mu lita imodzi. Mukalowa m'chipatala ku Lirangwe kapena ku Chileka n'kuona dilipi yolembedwa 0.9%, dziwani kuti mu lita iliyonse muli magalamu 9 a mchere, womwewu wa m'ndiwo koma woyeretsedwa. Mulingo umenewu anausankha chifukwa ukufanana mphamvu ndi madzi a m'magazi athu. Akanaika madzi opanda mchere mumtsempha, maselo ofiira a magazi akanamwa madziwo n'kuphulika. Akanachulutsa mchere, maselowo akanafota. Botolo la JIK nthawi zambiri limalembedwa 3.5%, kutanthauza magalamu 35 a mankhwala mu lita.

Pali msampha umodzi apa. Peresenti ilipo ya mitundu itatu, ndipo zilembo zing'onozing'ono zoyandikana nayo ndizo zimanena mtundu wake. Pakalembedwa m/v kapena w/v, ndi kulemera kwa chinthu mu mamililita 100, monga dilipi ija. Pakalembedwa v/v, ndi madzi m'madzi anzake: sanitaiza imene tinaidziwa Covid-19 itafika m'dziko muno mu Epulo 2020 imayenera kukhala ndi sipiriti wosachepera 60%, ndiye kuti mamililita 60 pa 100 alionse. N'chifukwa chake kachasu wa pamudzi, amene palibe anamuyeza ndipo mphamvu yake imatsika botolo ndi botolo pamene akutcheza, sangadaliridwe kuti aphe tizilombo m'manja. Mtundu wachitatu ndi m/m, kulemera pa kulemera, ndipo alimi amaudziwa bwino ngakhale sautchula choncho. Feteleza wa Urea ali ndi nayitrojeni 46%, kotero m'thumba la makilogalamu 50 chakudya chenicheni chimene chimanga chikufuna ndi makilogalamu 23.

Klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa m'midzi amapangidwa bwanji?

Funso ili linakula pa mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe Ana atadutsa. Matendawa anafalikira m'maboma onse, pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira. Anthu opitirira 1,700 anamwalira. Pa miyezi imeneyo tibotolo ta klorini tinalowa m'nyumba zambiri, ndipo ambiri tinalandira osadziwa kuti m'katimo muli chiyani.

Alangizi amayamba ndi ufa woyera wa timibulu wotchedwa HTH, umene uli ndi klorini wogwira ntchito pakati pa 65% ndi 70%. Cholinga chawo ndi kupanga madzi a klorini a 1%, oti azitapapo pang'onopang'ono pothira m'madzi akumwa. Tanena kuti 1% ndi magalamu 10 mu lita. Komatu sayeza magalamu 10 a ufawo, amayeza 15, pafupifupi sipuni yaikulu imodzi yosalaza. Chifukwa chake n'choti ufawo si klorini yekhayekha. Pa magalamu 15, mukatenga magawo 70 pa 100 mupeza 10.5, ufa ukakhala wa 65% mupeza 9.75. Onsewa ali pafupi ndi 10. Amene angathire magalamu 10 poganiza kuti walondola, wapanga madzi a 0.7% okha, ndipo aliyense amene atunge pamenepo adzakhala akuthira mochepera osadziwa.

Akasungunula amadikira kuti nsenga zoyera zidikhe pansi, n'kutsanulira oyera apamwambawo m'chigubu cha pulasitiki chotseka bwino. Chitsulo sichifunika chifukwa klorini amachidya. Madzi a 1% amenewa si akumwa ngakhale pang'ono. Ndikuchonderera makolo pamenepa: musawasunge m'botolo la zakumwa pamalo pamene mwana angafikire, ndipo musawasakanize ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, chifukwa pamatuluka mpweya wopweteka mapapo.

Nanga madzi akumwa amafuna klorini wochuluka bwanji? Ndimamva za mg/L ndi ppm.

Apa manambala amachepa kwambiri moti peresenti siithandizanso, ndiye timasintha mulingo. Miligalamu ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a galamu. Tikati 1 mg/L, ndi miligalamu imodzi mu lita imodzi ya madzi. Poti lita ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo kilogalamu ndi mamiligalamu miliyoni imodzi, 1 mg/L ndi chimodzimodzi ndi 1 ppm, gawo limodzi pa miliyoni. Kuti muone kuchepa kwake, tengani galamu imodzi muisungunule m'madiramu asanu a malita 200. Imeneyo ndiyo 1 ppm.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, limalangiza kuti pakatha mphindi 30 chithirireni, m'madzi mutsale klorini wa 0.5 mg/L, ndipo pofika pakamwa pa womwa asachepere 0.2 mg/L. Mawu ofunika ndi akuti mutsale. Klorini amene mwathira sakhalamo yense. Wina amathera pa matope, tizidutswa ta masamba ndi zonyansa zina, ndipo wotsalayo ndi amene amalondera madziwo kuti kapu kapena dzanja lakuda likalowa m'ndowa tizilombo tisachulukenso. N'chifukwa chake pothira timayambira pamwamba, kawirikawiri cha pa 2 mg/L madzi akakhala oyera.

Tiyeni tiwerengere chigubu cha mayi uja. Malita 20 kuchulukitsa ndi 2 mg/L, akufunika mamiligalamu 40 a klorini. Madzi a 1% ali ndi mamiligalamu 10 mu mililita iliyonse. Choncho akufunika mamililita 4, osakwana bwino sipuni ya tiyi. WaterGuard nayenso amayendera nzeru yomweyi: kachivindikiro ka botolo anakapanga kuti kakhale mulingo wa malita 20. Madzi akakhala amatope, monga a mu Shire kapena a mumtsinje wa Lirangwe mvula ikagwa, amadya klorini wambiri. Ayambe adikha, asefedwe pa nsalu yoyera, kenako mulingo umawirikizidwa kawiri. Mlangizi wa m'dera lanu akakupatsani mulingo wosiyanako ndi uwu, tsatirani wakewo, chifukwa iye akudziwa mphamvu ya klorini amene wasungunula ndi mtundu wa madzi anu.

Masamu omwewa ndi amene a Blantyre Water Board amachita tsiku ndi tsiku pa Walker's Ferry, pamene amapopa madzi a mu Shire, kuwayeretsa ndi kuwakankha kukwera mtunda kudzera pa mapampu a ku Chileka mpaka kukafika mumzinda. Kusiyana kwake ndi kukula kwa chotengera chabe.

Amadziwa bwanji kuti klorini wotsalayo wakwana, poti saoneka?

Amamuchititsa kuti aoneke. Pali kabokosi ka pulasitiki koonekera m'kati, kamene amathiramo madzi n'kuponyamo kapiritsi kotchedwa DPD. Mukakhala klorini, madziwo amasanduka apinki, ndipo klorini akachuluka mtunduwo umaderanso. Pambali pake pali mitundu yosindikizidwa kale, uliwonse ndi nambala yake, ndiye woyeza amafananiza. Pofuna kupeza mulingo woyenera chitsime china chake, amadzaza ndowa zingapo zofanana, kuthira klorini wosiyanasiyana mu iliyonse, kudikira mphindi 30, n'kuyeza zonse. Ndowa imene yatsala ndi 0.5 mg/L ndiyo yapereka yankho la chitsime chimenecho. Ndikanakonda kabokosi kameneka kakanapezeka ndi komiti iliyonse ya mjigo, chifukwa kuyeza kwake munthu amaphunzira tsiku limodzi.

Klorini wothira m'madzi akumwa ndi yemweyonso wosambira m'manja ndi wotsukira?

Mankhwala ndi omwewo, mphamvu ndi zosiyana kutalitali. M'misasa ya odwala kolera amagwiritsa ntchito milingo itatu. Wa 0.05% ndi wosamba m'manja ndi kuchapira zovala. Wa 0.2% ndi wokolopera pansi ndi kupukutira mabedi. Wa 2% ndi wothira pa chimbudzi ndi masanzi a wodwala, komanso pokonza thupi la amene wamwalira ndi kolera. Ngakhale wofookayo, wa 0.05%, ndi 500 mg/L, kuwirikiza ka 1,000 klorini wotsala m'madzi akumwa. Ndowa zake ziyenera kulembedwa, apo ayi wina adzatungira mwana madzi osamba m'manja.

Kuchepetsa mphamvu kuli ndi lamulo losavuta: gawani mphamvu imene muli nayo ndi imene mukufuna. Muli ndi 1% ndipo mukufuna 0.05%, 1 kugawa ndi 0.05 ndi 20. Ndiye kuti gawo limodzi la klorini lilowe m'magawo 20 onse pamodzi, kapu imodzi ya klorini ndi makapu 19 a madzi. Pofuna 0.2% yankho ndi 5, kapu imodzi ya klorini ndi makapu anayi a madzi. Mukakhala ndi JIK wa 3.5%, yankho la madzi osamba m'manja ndi 70, zomwe zili pafupi ndi sipuni yaikulu imodzi mu lita ya madzi. Ana a sukulu lamuloli amalilemba kuti C1V1 = C2V2. Tanthauzo lake n'loti kuthira madzi sikuchotsa mankhwala kapena kuwonjezera, kumangowamwaza pamalo aakulu.

Bwanji pa paketi ya Thanzi amaumirira lita imodzi? Mwana akafooka kwambiri, si bwino kuchepetsa madzi kuti mankhwala akhale amphamvu?

Ayi, ndipo ili ndi funso limene ndikufuna aliyense wolera mwana alimvetse. Maganizo amenewa amachokera pa chikondi, koma akhoza kupha mwana.

Paketi ya lita imodzi, malinga ndi mulingo umene WHO ndi UNICEF anavomereza kuyambira 2002, imakhala ndi magalamu 13.5 a shuga wa glucose, 2.6 a mchere, 1.5 a potassium chloride ndi 2.9 a trisodium citrate. Zonse pamodzi ndi magalamu 20.5. Manambalawa sanangowatola. M'matumbo muli tizitseko timene timalowetsa sodium, wa mumchere uja, pokhapokha akabwera limodzi ndi glucose, ndipo awiriwa akalowa madzi amawatsatira. Kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba amasokoneza njira zina, koma tizitseko timeneti timapitiriza kugwira ntchito. Mu 1971, pa nkhondo ya Bangladesh, dokotala Dilip Mahalanabis anali m'misasa ya othawa kwawo ku Bangaon m'dziko la India pamene madilipi anatha kolera ili m'kati. Anayamba kumwetsa odwala madzi a mchere ndi shuga oyezedwa bwino, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse kufika pa osakwana anayi.

Koma zonsezi zimadalira kuti madzi a Thanzi akhale ocheperako mphamvu poyerekeza ndi magazi. Madzi ali ndi khalidwe lake: amachoka kumene kuli kosukuluka kupita kumene mchere ndi shuga zachuluka. Thanzi wosungunula bwino amalola madzi kuchoka m'matumbo kulowa m'thupi. Mukasungunula paketi mu theka la lita, mphamvu yake imawirikiza kawiri n'kuposa ya magazi. Pamenepo mtsinje umabwerera chakumtunda: madzi amakokedwa kuchoka m'thupi la mwana kulowa m'matumbo, kutsegula kumakula, mchere umachuluka m'magazi, ndipo mwana akhoza kuyamba kukomoka. Mukachulutsa madzi, mchere umene thupi lataya subwerera mokwanira.

Vuto lenileni pamudzi ndi kupeza lita. Botolo la madzi ogula la mamililita 500 mukalidzaza kawiri, lita yakwana. Botolo lagalasi la zakumwa zoziziritsa kukhosi nthawi zambiri ndi la mamililita 300, kotero atatu sakwana, pamafunika kuwonjezera gawo limodzi la magawo atatu a botolo lachinayi. Werengani paketi kaye kuti mutsimikize kuti ndi ya madzi ochuluka bwanji, ndipo thirani paketi yonse nthawi imodzi, osati kutapa pang'ono n'kusungira mawa. Madzi ake akhale owiritsa kapena othira klorini. Paketi ikasowa usiku, mulingo wodziwika wa panyumba ndi masipuni a tiyi 6 osalaza a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi, ndipo asawawe mchere kuposa misozi. Zimenezi ndi zogwirizira moyo panjira. Mwana wolowa maso, wosafuna kumwa kapena wosanza chilichonse apite kuchipatala nthawi yomweyo, akuyamwa ndi kumwa m'njira monse.

Ndine wa Folomu 4. Ngati magalamu pa lita akukwanira, mole ndi yachiyani?

Taganiza za matumba awiri a makilogalamu 50, lina la mawere, lina la nzama. Pa sikelo ndi ofanana, koma utati uwerenge njere, za mawere zichuluka kutalitali chifukwa njere yake ndi yaing'ono. Mankhwala akamagwirana sayang'ana sikelo, amagwirana kanjere ndi kanjere. Choncho katswiri amafuna kudziwa chiwerengero cha tinjereto, ndipo poti n'tosaoneka, amatiwerenga m'milu ikuluikulu monga timawerengera mazira pa dazeni. Mulu umenewo ndiwo mole, ndipo uli ndi tinjere 602 kutsatira maziro 21. Nambalayi inapatsidwa dzina la Amedeo Avogadro wa ku Turin m'dziko la Italy, amene maganizo ake a mu 1811 anatsegula njira yowerengera motere.

Mole imodzi ya mchere imalemera magalamu 58.5, ya glucose 180, ya sodium hydroxide 40. Ukasungunula mole imodzi n'kudzaza madzi mpaka zonse pamodzi zikwane lita imodzi, wapanga 1 M, kapena kuti 1 mol/L, ndipo m'mabuku ena amalemba mol/dm³. Uonetsetse mawu akuti zonse pamodzi: suthira lita ya madzi pa mcherewo, umasungunula m'madzi ochepa kenako n'kuwonjezera mpaka pa mzere wa botolo loyezera. Ana ambiri amataya malikisi pamenepa, ndiponso poiwala kusintha mamililita kukhala malita.

Tsopano tenga paketi ya Thanzi ija uiwerenge ndi maso atsopano. Glucose 13.5 kugawa ndi 180 ndi 0.075 mol, kapena kuti 75 mmol. Mchere 2.6 kugawa ndi 58.5 ukupereka pafupifupi 44 mmol za sodium, ndipo citrate uja akuwonjezera pafupifupi 30. Zonse pamodzi ndi cha pa 75. Pa sikelo shuga amaoneka wochuluka kasanu kuposa mchere, koma powerenga tinjere, glucose ndi sodium n'zofanana ndendende. Magalamu anabisa zimenezi, mole yaziulula. Dilipi ya 0.9% nayo ukaiwerenga motere, 9 kugawa ndi 58.5, ndi 0.154 M.

Titration ya pa mayeso a MANEB ndi njira yopezera mphamvu yosadziwika pogwiritsa ntchito yodziwika. Waika mamililita 25 a sodium hydroxide wa 0.1 M m'kabotolo, wadontheza phenolphthalein, madzi asanduka apinki. Ukudontheza hydrochloric acid kuchokera mu burette mpaka pinki azimiririke, ndipo wapeza kuti alowa mamililita 20. M'kabotolomo munali 0.0025 mol, ndipo awiriwa amagwirana mmodzi kwa mmodzi, kotero asidi nayenso ndi 0.0025 mol mu malita 0.020. Mphamvu yake ndi 0.125 M. Ndikudziwa kuti m'sukulu zambiri zoyendera za kumidzi burette imakhala yosowa ndipo ena amaiona koyamba mayeso atayandikira. Pempha aphunzitsi akuonetse ngakhale ndi sirinji. Nzeru yake ndi yomweyo.

Amayi anayezetsa shuga kuchipatala anauzidwa 7, koma makina a kunyumba akuonetsa 126. Ndi ati akunama?

Palibe. Ena amayeza mu mmol/L, ena mu mg/dL, ndipo pa glucose mlatho wake ndi 18, kuchokera pa 180 ija. Chulukitsani 7 ndi 18, mupeza 126. Pouza adokotala nambala, tchulaninso zilembo zimene zili pambali pake.

Kudimba mbozi zikakanika kufa, timawonjezera mankhwala mu sipuleya. Cholakwika n'chiyani?

Chiyambireni ntchemberezandonda zachilendo zija, zimene zinachokera ku America n'kufika kuno mu nyengo ya ulimi ya 2016 ndi 2017, mpaka boma kulengeza ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, alimi ambiri dzanja lawo lalemera pothira mankhwala. Ndikumvetsa, chifukwa kuona chimanga chimene wagulira feteleza wodula chikudyedwa kumtima n'kowawa. Koma tiyeni tiwerenge botolo.

Pakalembedwa Cypermethrin 200 EC, ndiye kuti mu lita ya mankhwalawo muli magalamu 200 a poizoni weniweni. Ena amalemba 20 EC, kutanthauza 20%, ndipo ndi mphamvu yomweyo. Koma liliponso botolo la 10 EC, limene ndi theka la mphamvu imeneyo. Mulingo umene mnzanu anakuuzani pa botolo lake sungagwire pa lanu ngati manambalawa asiyana. Zilembo za EC zikutanthauza mankhwala amafuta amene amayera ngati mkaka akakumana ndi madzi, ndipo kuyerako sikunena chilichonse za mphamvu yake. Masipuleya nawonso ndi osiyana, ena ndi a malita 16, ena 20. Chizindikiro chikati mamililita 10 pa malita 10 alionse, sipuleya ya malita 16 ifuna mamililita 16, ya malita 20 ifuna 20. Choyezera chabwino ndi kakapu kobwera ndi botolo kapena sirinji yopanda singano yosungira ntchito imeneyi yokha, osati chivindikiro chilichonse chimene mwatola, ndipo sipuni ya kukhitchini isayandikire.

Kuchulutsa kumawotcha masamba, kumapha njuchi ndi tizilombo todya mbozi, kumalowa pakhungu la wopoperayo, ndipo kumatsalira pa tomato ndi repu zimene mawa zikagulitsidwe pamsika n'kudyedwa ndi ana athu omwe. Kuchepetsa pofuna kuti botolo lifike patali kumasiya mbozi zolimba zamoyo, ndipo ana ake amabadwa osamva mankhwalawo. Mbozi zikakanika pa mulingo woyenera, kawirikawiri vuto limakhala kwina: mwapopera zitakula kale n'kubisala mumtima wa chimanga, mwapopera dzuwa lili paliwombo m'malo mwa m'mamawa kapena madzulo, kapena zazolowera mankhwalawo ndipo pakufunika mtundu wina. Funsani alangizi a zaulimi, ndipo sungani masiku olembedwa pa botolo oti adutse musanakolole.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala ogulitsidwa m'misika yathu m'tibotolo topanda chizindikiro, otsanuliridwa kuchokera m'botolo lina. Pamenepo nambala yoyamba ija yatayika. Simudziwa dzina, simudziwa mphamvu, simudziwa ngati wina wathiramo kale madzi kapena palafini, ndipo munthu akamwa mwangozi achipatala sadziwa poyambira. Bungwe la Pesticides Control Board, limene lili ku Bvumbwe, ndilo limalembetsa mankhwala ovomerezeka ndi ogulitsa ake. Ndi bwino alimi anayi kusonkherana kugula botolo lenileni n'kumagawana poyeza, kusiyana ndi aliyense kugula kabotolo kosadziwika.

Ndikasungunula lero, mphamvu ikhala yomweyo mpaka liti?

Zimatengera chinthu chake. Thanzi akatha maola 24 atayidwe, chifukwa shuga wakeyo amaitana tizilombo. Klorini amathawa ndi dzuwa, kutentha ndi kusatseka, ndipo kuno kufupi ndi Shire kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumamufooketsa msanga. Madzi osamba m'manja a 0.05% apangidwe atsopano tsiku lililonse, ndipo a 1% asungidwe pamthunzi, otsekedwa, tsiku lowapanga litalembedwa pa chigubu. Ufa wa HTH nawonso ukakhala pa chinyezi umatsika mphamvu, moti 70% ya pa chitini siikhalanso yoona. Mankhwala a mu sipuleya athe tsiku lomwelo.

Mjigo wathu madzi ake amamveka mchere. Klorini angathandize?

Sangathandize, ndipo kuwiritsa kumangowonjezera mcherewo chifukwa madzi amauluka, mchere n'kutsala. Klorini amapha tizilombo, sachotsa zosungunuka zochokera m'miyala ya pansi. Vuto la mijigo yamchere ndi lodziwika m'chigwa cha Shire, makamaka ku Chikwawa ndi Nsanje. Mchere womveka pakamwa umadzichenjeza wokha, koma zilipo zina zosamveka. Fluoride akapitirira 1.5 mg/L, umene ndi mulingo wa WHO, mano a ana amayamba mawanga ofiirira osachoka. Nitrate, amene amachokera ku zimbudzi ndi feteleza zoyandikira chitsime, asapitirire 50 mg/L chifukwa ndi woopsa kwa makanda. Izi zimadziwika pokhapokha madzi akayezedwa ku labotale, ndipo poyambira ndi ku ofesi ya zamadzi ya boma la Blantyre kudzera kwa alangizi.

Pempho langa kwa mafumu, makomiti a mijigo ndi magulu a alimi kwa Chigaru ndi ili: mvula isanayambe, mudzi uliwonse ukhale ndi botolo la lita lolembedwa mzere, sipuni ya mulingo ndi masirinji awiri, ina ya klorini ina ya kudimba, ndipo muitane mlangizi adzaonetse anthu kuyeza pabwalo, aliyense agwire ndi manja ake.